Anathera pa tsamba 10: kodi achinyamata amafunamo chiyani m'nthano yaitali?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Chichewa pa sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Alemba motere: "Ndalemba nthano yaitali ya achinyamata. Ndi ya mtsikana wa Fomu 3 amene akunyengedwa ndi bambo wa golosale, akupatsidwa mimba, akuchotsedwa sukulu, kenako akumwalira pobereka. Ndinapatsa ophunzira anga asanu kuti awerenge. Atatu anathera pa tsamba 10, ndipo mmodzi anandiuza mwaulemu kuti zimenezi amazimva kale pa asembule. Zinandipweteka. Kodi ndi nkhani zotani, zolembedwa motani, zimene zimawafika pamtima ana a msinkhu umenewu?"

Mayi, mphunzitsi mnzanga,

Ndiyambe n'kukuthokozani kuti munalimba mtima n'kupereka zolemba zanu kwa eni ake enieni. Ambiri tikalemba timapatsa akuluakulu anzathu, iwo n'kutiyamikira kuti muli uthenga wabwino, buku n'kusindikizidwa, kenako n'kumangotuwa ndi fumbi m'laibulale. Mwana amene anatchula za asembule uja musamusungire mangawa. Wakuuzani zoona, ndipo wakuuzani nthawi ikadalipo. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa nthano komanso kuwerenga zolemba za anthu ofuna kusindikiza mabuku, ndipo nthano yanuyi ndakumana nayo kambirimbiri. Dzina la mtsikana limasintha, wa golosale nthawi zina amakhala dalaivala wa thiraki kapena mphunzitsi, koma manda a kumapeto amakhala omwewo. Ana amawaonera patali mandawo. Pofika tsamba 10 amakhala atadziwa kale amene afe ndi chimene afere, ndiye apitirize kuwerengeranji?

Taganizani za tsiku limodzi la mtsikana wa Fomu 3. M'mawa akusesa pabwalo, amayi ake akumulangiza. Pa asembule a hedi akulangiza. M'kalasi la Life Skills alangizidwanso. Madzulo pa wailesi pali pulogalamu ya bungwe lina, uthenga wake ndi womwewo. Lamulungu ku tchalitchi kapena Lachisanu ku mzikiti, chimodzimodzi. Ngati anatha msinkhu ali kumudzi, anankungwi ananenanso zawo. Malangizo amenewa ndi ofunika, ndipo mawu a akulu amakomadi akagonera. Koma mwana amene walozedwa chala tsiku lonse akatsegula buku usiku n'kupeza chala chomwecho chikumulozanso, amalitseka.

Chizolowezi chimenechi tinachiyamwira. Nthano za kalulu ndi fisi zimene agogo ankatikambira zinkathera pa phunziro. Mabuku oyambirira a Chichewa ambiri anatulukira ku mishoni, ndipo cholinga chawo chinali kuwongola anthu. Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara limene linatuluka mu 1933, limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndipo munthuyo amatembenuka mtima kumapeto. Komatu ndikamacheza ndi amene analiwerenga kusukulu, chimene amachikamba maso ali gwa si kutembenukako. Amakamba za unyamata wa Nthondo, kusamva kwake ndi kuba kwake. Pamenepo m'pamene pali munthu wamoyo, ndipo n'zimene zalisunga bukuli zaka zonsezi. Nafenso aphunzitsi tawonjezera vutoli ndi funso lathu lija lakuti "tchulani maphunziro awiri amene mwapeza m'nthanoyi", mpaka ana afika poganiza kuti buku ndi chikwama chonyamulira phunziro basi.

Kwa ine, nthano yabwino ya achinyamata imafanana ndi gowelo. Inu mwalemba bwalo la milandu, pamene mtsikana wakhazikidwa pakati, akuluakulu amuzungulira, chigamulo chadziwika kale. M'gowelo koloboyi ikazima, ana amafunsana zimene sangafunse masana, amaulula zimene akuopa, amaseka zimene masana ankazichitira manyazi, ndipo palibe akulemba mayina. Wachinyamata amakonda buku limene limamulola kukhala mmenemo.

Pali chifukwa cha m'thupi chimene chimachititsa kuti msinkhu umenewu uwerenge mosiyana ndi ife. Mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi, yothandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza za mawa, imakhwima mochedwa, mpaka cha m'ma zaka 25. Pamene mbali zokhudza chimwemwe, mantha ndi kufuna kulandiridwa ndi anzako zimakhala zitayaka kale munthu akangotha msinkhu. N'chifukwa chake kusekedwa m'kalasi chifukwa siketi yathimbirira kumbuyo kumapweteka ngati maliro, ndipo moni wa mnyamata mmodzi ungathe kuwalitsa sabata yonse. Ife timati n'zachibwana. Kwa iwo ndi moyo weniweni, ndipo akukumana nazo koyamba. Mlembi amene akuzipeputsa, ngakhale pang'ono, ana amamununkhiza msanga.

Tsopano tibwere kwa mtsikana wanuyo, pakuti apa m'pamene pagona nkhani. Inu ndinu mphunzitsi wa Chichewa, ndiye muona msanga chimene ndikunena. Tawerenganinso aneni amene mwagwiritsa ntchito pomufotokoza: akunyengedwa, akupatsidwa, akuchotsedwa. Onsewa ali mu msintho wochitidwa. Mtsikanayu sakuchita kanthu, zinthu zikungomugwera ngati mvula. Chimene akuchita yekha ndi kumwalira. Wachinyamata, amene tsiku lililonse akulimbana kuti ayambe kudziyendetsera moyo wake, sangadzione mwa munthu wotere. Amafuna mpangankhani amene waima pa mphambano, njira zonse ziwiri zili ndi minga, ndipo ayenera kusankha yekha.

Tiyeni tiyese. Kwawo kwa mtsikanayu n'kutali, ndiye amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu pamodzi ndi mnzake, monga achitira ana ambiri a sukulu zoyendera. Lendi yadutsa miyezi iwiri, eni nyumba anena kuti mawa atulutsa katundu. Ufa watsala wa phala lokha. Amayi ake kumudzi anagulitsa kale nkhuku zomaliza. Lamulungu madzulo waima pa kauntala ya golosale, m'manja muli ndalama ya mchere yokha. Bambo uja akumuyezera mchere, n'kuikapo sopo wonunkhira pambali pake osawerengera. Akumufunsa mmene masamu akuyendera, funso limene palibe wamkulu wina aliyense wamufunsapo chaka chonse, kenako akuti za lendi asadandaule, angathe kukambirana. Mtsikanayu si chitsiru. Akudziwa bwino lomwe tanthauzo la sopoyo, anaona zimene zinachitikira mchemwali wa mnzake. Akudziwanso kuti akausiya, mawa anyamula chikwama kubwerera kumudzi, ndipo kumeneko atsibweni ayamba kale kukamba za mwamuna wina wa fodya. Dzanja lake lili pa kauntala, pakati pa mchere ndi sopo.

Pamenepo palibe mwana wa zaka 16 amene angatseke buku. Mutu wake wadzaza ndi funso limodzi: ine ndikanatani? Simunamuuze kuti zibwenzi ndi akuluakulu n'zoipa, akudziwa kale zimenezo. Mwamuonetsa chimene pa asembule sanena, kuti msampha umatcheredwa ndi zinthu zimene munthu akuzisowadi, ndipo wotcherayo amabwera ndi nkhope yachifundo. Mwana amene wayenda ndi mtsikanayu mpaka pa kauntala adzauzindikira sopo ameneyu tsiku limene adzamuikire iyeyo, ngakhale adzabwere ngati foni kapena bandulo ya intaneti.

Za imfa ya kumapeto ija, ndikupempheni muiganizirenso mofatsa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Ndiye kuti mwa owerenga anu muli ang'ono awo ndi anzawo a atsikana amenewa, ndipo mwina muli wina amene wasiya mwana kwa agogo m'mawa womwewo n'kubwera m'kalasi mwanu. Kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mukamupha mtsikana wanu, mukumuuza chiyani ameneyu? Sindikukana kuti atsikana aang'ono amafa pobereka. Amafadi, ena amatsala ndi fistula, ndipo nthano ingathe kunena zimenezi mosabisa. Koma dzifunseni moona mtima ngati imfayo yabwera chifukwa nkhani yafika yokha pamenepo, kapena chifukwa mlembi wagwira mkwapulo. Zotsatira za zochita za munthu n'zosiyana ndi chilango cha mlembi, ndipo ana amasiyanitsa bwino kwambiri.

Nthano yovuta kulemba, koma yolemera kuposa ya manda, ndi ya mtsikana amene wakhala moyo. Wabwerera ku Fomu 3 patapita chaka, anzake akale ali Fomu 4, wakhala pa desiki ndi ana amene ankawaona ngati makanda. Pakati pa phunziro la masamu mabere adzaza, mkaka wayamba kudontha, bulauzi yoyera yanyowa, ndipo akukumbatira kope pachifuwa kuti mnyamata wa pambali asaone. Aphunzitsi amuitana kuti akalembe pa bolodi. Adzuka kapena sadzuka? Chaputala chimodzi chotere chimanena za kulemera kwa uchembere wa paubwana kuposa maliro khumi, ndipo mtsikanayo chimamusiyira ulemu wake.

Akuluakulu a m'nthano yanu nawonso akhale anthu. Wa golosale akakhala chilombo cha mano akuthwa kuyambira tsamba loyamba, owerenga sakhulupirira kuti mtsikana wanzeru angamuyandikire. Akhale munthu amene amaimba kwaya, amene amakongoza mudzi wonse nthawi ya njala, amene mudzi ungamuikire kumbuyo nkhani ikaphulika. Choipa chake chimaopsa kwambiri chikakhala chotero, ndipo ndi mmene zimakhaliradi. Atsibweni ofuna kukwatitsa mwana asakhale ankhanza chabe, akhale munthu amene nkhokwe yake yatha mu Novembala. Lamulo la ukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo Inkosi Theresa Kachindamoto ya kwanu ku Dedza komweko inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana. Koma pakati pa lamulo ndi nkhokwe yopanda kanthu pali mtunda, ndipo nthano imakhala pa mtunda umenewo. Chimodzi mwa zinthu zowawa za kukula ndi tsiku limene mwana amazindikira kuti bambo ake anganame, kuti amayi ake nawonso amaopa, kuti munthu angakukonde n'kukulakwira nthawi imodzi. Buku limene limamuperekeza pa tsiku limenelo saliiwala.

Mwafunsa za mitu ya nkhani. Ilipo yambiri, ndipo mimba ndi umodzi chabe, umene tauponda mpaka wasalala.

Mutu umene ndauona ukugwira ana kwambiri ndi chinsinsi. Pafupifupi wachinyamata aliyense wanyamula kanthu kamene akukhulupirira kuti anzake akakadziwa, basi kwake kwatha. Taganizani za mnyamata amene anabadwa ndi HIV, wasankhidwira ku sekondale yogonera konko, ndipo wafika mu hositelo ya anthu 40. Waika thonje m'botolo la ma ARV kuti mapilitsi asamalire akatsegula sutikesi. Amadikira onse apite kukadya kuti amwe, ndipo tsiku limene mnzake wakhalira m'chipinda, amadumphitsa. Kenako wayamba kukondana ndi mtsikana wa Fomu 2. Amuuze liti? Wowerenga amene alibe kachilombo adzaimva nthano imeneyi mpaka m'mafupa, chifukwa naye ali ndi botolo lake: bambo woledzera, nsapato zobwereka, kusadziwa kuwerenga bwino Chingerezi, kukodza pogona.

Wachiwiri ndi chinzake. Olemba timathamangira chikondi cha mnyamata ndi mtsikana, koma pa zaka 14 ndi 15 mnzako wapamtima ndiye dziko lonse. Dziko lathu lili ndi mpeni wake wodulira ubwenzi wotere, umene ndi zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Ana awiri amene anakulira limodzi, kuwedza limodzi, kugawana chimanga chokazinga m'thumba, wina wasankhidwira ku sekondale ya dzina, wina ku yoyendera ya pafupi kapena sanasankhidwe n'komwe. Tchuthi choyamba akumana pa chigayo, wina akusakaniza Chingerezi, winayo manja ali ndi zikang'a za ganyu. Palibe woipa pamenepo, koma onse awiri akupwetekana. Nthano imeneyi ikuchitika m'mudzi uliwonse chaka chilichonse.

Achinyamata alinso ndi mphuno yakuthwa pa nkhani ya chilungamo. Wamkulu anazolowera kunena kuti ndi mmene dziko lilili, koma mwana magazi amawira akaona achibale akulanda katundu wa amasiye maliro asanathe, kapena mwana wa wolemera akukhululukidwa mlandu umene wosauka anachotsedwera sukulu. Apatseni mpangankhani amene wakana kukhala chete, ndipo kulankhula kwakeko kumudyere kanthu. Pali ana amene bambo awo ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi, ndipo amawadziwira pa mawu a pa WhatsApp ndi katundu wobwera pa basi. Pali ana a ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera amene namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anawalanda makolo usiku umodzi, ndipo akuluakulu anatanganidwa ndi misasa ndi ufa, osapeza mpata wowafunsa za mumtima. Pali kukayika pa za chikhulupiriro, kumene mwana sangakuulule kwa aliyense pakhomo. Ndipo chikondi chenichenicho chilembedwe ndi ulemu, pakuti si chikondi chilichonse cha ana a sukulu chimathera ku sikelo. China chimathera pa kalata imene sinaperekedwe, n'kukhala m'buku la Biology mpaka mayeso.

Anyamata musawaiwale. M'zolemba zambiri zimene zimandipeza, mnyamata amalowa kudzapereka mimba kapena kudzasuta chamba, kenako n'kusowa. Ndiye timadabwa kuti anyamata sawerenga. Alipo mnyamata amene amapalasa kabaza Loweruka kuti mlongo wake asasiye sukulu, alipo amene wabetcha pa mpira ndalama ya feteleza imene amayi anamutuma ndipo akuopa kubwerera kunyumba, alipo amene anauzidwa pa maliro a bambo ake kuti mwamuna salira ndipo kuyambira pamenepo sagona. Amenewa akudikira kudzipeza m'buku.

Chinanso, lolani kuti aseke. Ana athu amaseka ngakhale pa zowawa, amapatsana mayina, amatsanzira kayendedwe ka aphunzitsi. Nthano ya achinyamata yopanda nthabwala ndi yabodza, ndipo chisoni chimalowa mwakuya mwa wowerenga amene wangoseka kumene.

Tsono mawu ake. Mu 1967 ku America kunatuluka buku lotchedwa The Outsiders, limene ambiri amati linathandiza kutsegula njira ya nthano za achinyamata za masiku ano. Mlembi wake, S. E. Hinton wa ku Tulsa, analiyamba ali ndi zaka 15 ndipo linatuluka ali ndi zaka 18. Ndalitchula chifukwa cha chinthu chimodzi: mfotokozankhani wake ndi mnyamata amene akudzikambira yekha, ndipo palibe wamkulu waima kumbuyo kwake kumukonza. Inu ndi ine sitingabwerere ku zaka 15, koma tingathe kumvetsera. Yesani kulembanso chaputala choyamba mtsikanayo akunena yekha kuti "ine". Muona kuti ziganizo zina zikana kutuluka pakamwa pake. Mtsikana wa Fomu 3 sanganene kuti, "Ndinagwa m'mayesero chifukwa chosamvera malangizo a makolo anga." Amenewo ndi mawu anu. Iye anganene kuti, "Sopoyo ndinamubisa pansi pa mphasa masiku atatu. Chipinda chonse chinkanunkhira, ndipo mnzanga sanafunse kanthu." M'mawu achiwiriwa muli manyazi, muli chikhumbo, muli ndi ubwenzi umene wayamba kung'aluka, koma palibe limodzi mwa mawu amenewa latchulidwa.

Pa chiyankhulo cha achinyamata, chenjerani mbali ziwiri. Mukawayankhulitsa Chichewa cha m'buku la galamala, adzamveka ngati nduna za mfumu. Mukadzaza tsamba ndi mawu a pa msewu amene mwatola chaka chino, adzamva kuti ndi wamkulu wavala yunifolomu ya mwana, ndipo mawu otere amasuluka msanga ngati chitenje chotchipa. "Aise" mmodzi kapena "bho" pamalo pake akwanira. Chimene muyenera kutola kwenikweni ndi kayendedwe ka kucheza kwawo: amadulana mawu, amayankha funso ndi funso, amazemba nkhani yowawa ndi nthabwala, ndipo pamaso pa akulu amangoti "palibe" pamene pali zambiri. Miyambi ikhale m'kamwa mwa agogo ndi atsibweni, kumene imakhala. Ndipo nthawi zina mulole mtsikanayo aumve mwambiwo n'kuukana mumtima, pakuti nawonso amatero.

Liwiro nalo ndi nkhani. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi Aafirika ndipo nkhani zake zochitikira m'mizinda ya mu Africa. Kabuku kamodzi kankayenda kalasi yonse. Kankafika kwa iwe chikuto chitathothoka, katakutidwa ndi nyuzipepala, m'mphepete muli madontho a ndiwo, ndipo mwini wake akukuuza kuti mawa m'mawa akafuna chifukwa pali anthu anayi pa mzere. Unkawerenga pansi pa desiki, kapena usiku mpaka palafini kutha. Palibe mphunzitsi anatituma. Sitinganene kuti tonse tinali timabuku takuya, koma olemba ake ankadziwa kuti chaputala chizikhala chachifupi, chiziyamba pamene zinthu zavuta kale, ndipo chizitha wowerenga ali ndi funso. Lero mukupikisana ndi TikTok ndi magulu a WhatsApp, ndiye luso limeneli likufunika koposa kale. Ngati tsamba lanu loyamba likufotokoza mapiri, mitsinje ndi mbiri ya mudzi, lichotseni, muyambe ndi eni nyumba akugogoda pa chitseko. Mapiri adzalowa mtsikanayo akamawakwera. Agogo athu ankazidziwa izi: akati "padangokhala" ankadikira "tilitonse", ndipo "tilitonse" akayamba kuzilala ankadziwa kuti nthawi yoponya nyimbo kapena kutulutsa fisi yakwana. Mlembi samva "tilitonse" wa owerenga ake, ndiye ayenera kumuganizira pa tsamba lililonse.

Mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Ohio State, Rudine Sims Bishop, analemba mu 1990 kuti mabuku a ana amakhala ngati kalilole, mmene mwana amadziona, komanso ngati zenera, pamene amaonera moyo wa ena. Ana athu mazenera ali nawo, ngakhale ochepa. Mabuku ambiri a m'malaibulale a sukulu ndi opatsidwa kuchokera kunja, ndipo si oipa: mwana wa ku Mayani ali ndi ufulu wowerenga za chipale chofewa, za afiti a m'mayiko ena ndi za maulendo a ku nyenyezi, ndipo ambiri amazikonda. Chosowa ndi kalilole. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Tayerekezani chiwerengero chimenecho ndi nthano zaitali za Chichewa zolembedwera iwowo zimene mungazipeze m'sitolo ya mabuku lero. Tsiku lina mtsikana wina anandibwezera kabuku kamene ndinamubwereka, n'kuima pakhomo la ofesi osachoka. Nditamufunsa, anatsegula tsamba limene analipinda, pamene mpangankhani ankachapa yunifolomu yake imodzi yokhayo usiku n'kuiyanika pafupi ndi moto kuti iume pofika m'mawa. Anangoti, "Ndimaona ngati ndine ndekha." N'chifukwa chake sindikufuna kuti mugwe ulesi ndi zolemba zanuzi.

Mwina mukudzifunsa kuti nkhani zolemera mungafike nazo pati, poti ndinu mphunzitsi ndipo makolo ndi a mpingo adzawerenga. Nenani zoona za chimene chachitika ndi mmene chapwetekera, koma simukakamizidwa kuonetsa zonse. Chitseko chingathe kutsekeka, chaputala chotsatira n'kuyamba m'mawa mtsikana akutsuka mbale imodzi kachitatu. Owerenga amva. Mukakhudza za kudzipha, zimene zikutidetsa nkhawa masiku ano makamaka pakati pa anyamata, musafotokoze njira yake, ndipo musakuonetse ngati mpumulo kapena ngati njira yolangira amene anakulakwira. Muonetse otsala, muonetsenso kuti panali khomo lina. Ndi bwinonso kuika kumapeto kwa buku nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi achinyamata, chifukwa wina adzawerenga ali pakati pa zomwezo.

Chiyembekezo chikhalepo, koma chikhale choona. Mzungu wa bungwe wotulukira pa tsamba lomaliza ndi sikolashipu si chiyembekezo, ana amadziwa kuti kwawo sadzafika. Chimene amachikhulupirira ndi chaching'ono: mnzake uja amene sanafunse za sopo wabwera kudzamunyamulira mwana kuti awerenge, amayi amene anakhala miyezi osamuyankhula amuikira mbatata m'chikwama, iye mwini wadzuka n'kupita pa bolodi kope lili pachifuwa. Mafunso ena muwasiye osayankha. Kaya adzakhoza mayeso a Fomu 4, kaya wa golosale adzamangidwa, owerenga akakangane okha pobwerera kunyumba.

Zolemba zanu musazitaye. Mudzi mwaumanga kale, anthu alimo, ndipo inu mumawadziwa ana amenewa kuposa mlembi wokhala mu ofesi ku Lilongwe. Bwererani kwa atatu anasiya aja, mmodzimmodzi, osati m'kalasi koma pansi pa mtengo, muwafunse pamene anayambira kutopa ndi chimene mtsikana weniweni akanachita pamenepo. Musadziteteze, muzingolemba. Kenako lembaninso machaputala atatu oyamba, mtsikanayo akudzikambira yekha. Mukatha, musawapatse kuti akawerengere kunyumba, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu poti ndinu madamu awo. Asonkhanitseni Lachisanu masana, muwawerengere mokweza, ndipo maso anu azikhala pa iwo: muone pamene ayamba kuyang'ana pazenera, pamene aseka, pamene achita zii. Mukafika pamene dzanja lili pa kauntala pakati pa mchere ndi sopo, tsekani kope, munene kuti nthawi yatha, muyambe kulongedza mabuku anu. Akakulolani kutuluka, chaputalacho chikufunikabe ntchito. Akatseka pakhomo, pitirizani kulemba chachinayi, ndipo mudzanditumizire ndidzachione.